Mwala umene ukudikira m'madzi a pa mjigo

Madzi a pa mjigo amaweruzidwa ndi maso ndi lilime. Mayi wa ku Nsanama akatunga, amayang'ana m'ndowa ngati ali mbee kapena ali mbuu, amalawa ngati ali ndi kamchere, kenako kunyumba amaona ngati sopo akuchita thovu ndiponso ngati nyemba zikufewa msanga pa moto. Mayeso amenewa si achibwana ayi. Sopo akamakana thovu ndiye kuti m'madzimo muli calcium ndi magnesium wambiri, ndipo katswiri wa ku labotale angavomereze zomwezo. Koma pali funso limodzi limene diso ndi lilime sizingayankhe: madzi amene lero ali oyerawa, mawa adzatula chiyani, nanga adzatulira pati? Ine ndikuona kuti funso limeneli talichepetsa kwambiri m'maboma a Machinga ndi Balaka, kumene anthu ambiri amamwa madzi a pansi pa nthaka, kumene matanki a mapampu a dzuwa akuchuluka, ndiponso kumene phiri la Kangankunde likusanduka mgodi. Madzi oyera akhoza kukhala atasenza katundu woposa mphamvu zawo, n'kukhala chete masiku ambiri osaonetsa kanthu, ndipo chimene chimawachititsa kutula katunduyo si kuchuluka kwake kokha koma kupezeka kwa poyambira. Mchere wina wosatchuka, strontium sulfate, umaonetsa zimenezi momveka kuposa mchere wina uliwonse umene ndingauganizire.

Ndausankha chifukwa uli pakatikati. Mchere wa m'ndiwo umasungunuka mosavuta: lita imodzi ya madzi imamwa magalamu pafupifupi 360, kotero ndowa ya malita 20 ingameze makilogalamu 7 n'kukhalabe madzi. Gypsum, amene ndi calcium sulfate, amasungunuka magalamu awiri ndi pang'ono pa lita. Barium sulfate ndiye wouma mutu, chifukwa ndowa yonse ija singasungunule ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a galamu. Strontium sulfate ali pakati pa awiriwa: magalamu pafupifupi 0.13 pa lita, ndiye kuti m'ndowa yonse mungasungunuke magalamu osafika atatu, kaufa kosadzaza n'kasupuni komwe. Akakhala mwala wa m'nthaka amatchedwa celestine, ndipo nthawi zambiri amakhala ndi kamtundu kobiriwira ngati thambo. Strontium weniweniyo ndi chitsulo cha banja limodzi ndi calcium. Dzina lake linachokera ku mudzi wa Strontian ku Scotland: Adair Crawford mu 1790 anazindikira kuti mwala wina wa m'migodi ya mtovu ya kumeneko ndi wachilendo, ndipo Humphry Davy ndiye analekanitsa chitsulocho pachokha mu 1808. Moto wofiira psuu umene umaphulika kumwamba usiku wa chaka chatsopano, nthawi zambiri ndi strontium ameneyo, ndipo ali m'maginito ambiri a masipika ndi timainjini ta magetsi.

Mcherewu ukasungunuka sukhala wathunthu. Umagawika pawiri: tizidutswa ta strontium tokhala ndi mphamvu ya magetsi ya mbali imodzi, ndi tizidutswa ta sulfate ta mphamvu ya mbali inayo, ndipo kalikonse kamayenda katazingidwa ndi madzi ngati chofunda. Malire a kukhuta kwa madzi sawerengedwa poyang'ana strontium yekha kapena sulfate yekha. Amawerengedwa pochulukitsa ziwirizi. Sulfate akawirikiza kawiri, strontium amene madziwo angasunge amatsika pafupifupi ndi theka. Apa m'pamene pali chinthu chimene anthu ambiri, ngakhale ena oika mapaipi, sachiyembekezera. Madzi a mjigo wina akhoza kukhala ndi strontium wambiri koma sulfate wochepa, n'kukhala bwinobwino zaka zikwizikwi pansi pa nthaka. Madzi a kwina akhoza kukhala ndi sulfate wambiri koma opanda strontium, nawonso n'kukhala bwinobwino. Onse awiri ndi oyera, onse awiri angapambane mayeso paokhapaokha. Muwathire m'thanki imodzi, chiwerengero chochulukitsa chija chidumpha malire, ndipo madzi amene analibe mlandu asanduka osenza mwala. Kuuma kwa madzi ndi dzuwa kumachita zomwezo mwapang'onopang'ono, popeza madzi akamachoka mchere umatsala. Kutentha nakonso sikuthandiza: shuga amasungunuka bwino m'madzi otentha, koma strontium sulfate amayamba kusungunuka movutikirapo madzi akatentha kwambiri.

Tsono munthu angaganize kuti malire akangodumphidwa, mwala ugwa pompo. Sizitero, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yonse. Madzi akhoza kukhuta mopyola muyeso, kawiri kapena kangapo, n'kukhalabe oyera mbee kwa maola, ngakhale masiku. Chifukwa chake n'chakuti kuyamba kwa kam'bulu koyamba n'kodula. Tizidutswa ta strontium ndi ta sulfate timagundana nthawi zonse, timagwirana tiwiri, titatu, khumi, kenako n'kubalalikanso. Kagulu kakang'ono pafupifupi konse kamakhala khungu lokhalokha: tizidutswa take tambiri tili kunja, tikukokedwa ndi madzi, ndipo tochepa tokha ndi timene tili m'kati motetezeka. Kagulu kakamakula, m'kati mumakula mofulumira kuposa khungu, mpaka pamafika msinkhu wina umene kuwonjezera kachidutswa kumakhala kopindulitsa kuposa kutaya. Kosafika msinkhuwo kamasungunuka. Kopyola kamakula osabwereranso. Zili ngati mmene msika wa m'mbali mwa msewu umayambira. Amayi awiri akayala tomato pamalo opanda anthu, pofika masana amalongedza n'kubwerera, ndipo mawa ena atatu amayesa n'kulepheranso. Koma tsiku limene achuluka mokwanira kuti minibasi ya ku Ntaja iziima, wa makala amabwera, wa chiwaya amabwera, ndipo palibenso angauthetse msikawo. Si mwangozi kuti misika yotere imamera pa mphambano kapena pansi pa mtengo waukulu, pamene munthu woyamba sakhala pa mtetete. Josiah Willard Gibbs wa ku America ndiye anayala maziko a ganizo limeneli cha m'ma 1870, ndipo Max Volmer ndi A. Weber a ku Germany mu 1926 analisandutsa masamu owerengera kuti timagulu topyola msinkhu timabadwa kangati. Masamuwo amanena chinthu chowopsa: liwiro la kubadwa silikwera mwa ndondomeko. Limakhala pafupi ndi ziro kwa nthawi yaitali, kenako kukhuta kukangowonjezeka pang'ono limalumpha kambirimbiri. Madzi amene akanadikira mwezi akhoza kuchita mbuu pa mphindi imodzi.

Mphambano ndi mtengo wa m'madzi ndi chilichonse cholimba chimene madziwo akukhudza. Kam'bulu kakayambira pa khoma, mbali imodzi ya khungu lake imakhala itaphimbidwa kale, ndiye mtengo wa kuyamba umatsika. N'chifukwa chake kunja kwa labotale mwala sumabadwira pakati pa madzi kawirikawiri. Umabadwira pa kamchenga, pa dzimbiri, pa mng'alu wa paipi, pa mazinga a mpope, pa sefa ya pansi pa chitsime, pa kabowo ka paipi ya mthirira wa m'dontho. Yang'anitsitsani ketulo ya m'tiyirumu ya pa Liwonde imene yawiritsa madzi a mjigo kwa miyezi ingapo. Nkhoko yoyera ija simera mofanana paliponse. Imayamba ngati timadontho tokhakhala pansi pamene moto umagunda ndi pa mzere pamene madzi amalekezera, makamaka m'mikwasa imene sitiliwulu anasiya, kenako timadonthoto timakumana n'kukhala chikhungu chimene chimasweka ngati chigoba cha dzira mukachigogoda ndi supuni. Ikangoyamba imakula msanga kuposa poyamba, chifukwa mwala wokhalapo kale ndiwo poyambira pabwino koposa pa mwala wina. Paipi ikhoza kukhala yoyera chaka choyamba ndi chachiwiri, anthu n'kumati madzi athu alibe vuto, koma chaka chachitatu n'kutsekeka. Madzi sanasinthe. Nthawi yodikira ndiyo yatha.

Kukhuta kukakhala kwakukulu kwambiri, njira yake imakhota. Wilhelm Ostwald ananena mu 1897 kuti chinthu choyamba kutuluka m'madzi nthawi zambiri si chokhazikika koposa, koma chosavuta kubadwa. Strontium sulfate amatsatira lamulo limeneli mooneka. Ofufuza akasakaniza madzi a strontium wambiri ndi a sulfate wambiri mwadzidzidzi, choyamba kuoneka ndi phala la tisingano tating'onoting'ono tokhala ndi madzi m'kati mwa thupi lake, kachidutswa kamodzi ka madzi pa tizidutswa tiwiri ta mcherewo. Tisinganoto sitikhalitsa. Timasungunukanso, ndipo m'malo mwake mumamera timibulu tolimba ta celestine topanda madzi. Kukhuta kukakhala kochepa, celestine amamera yekha osadzera njira yokhotayo, ndipo timibulu timakhala tochepa chiwerengero koma tatikulu. Mibulu yokongola ya celestine imene imakumbidwa ku Sakoany, kufupi ndi Mahajanga ku Madagascar, n'kumagulitsidwa m'masitolo a dziko lonse, ndi umboni wa madzi amene anakhuta pang'ono chabe kwa nthawi yaitali zedi, poyambira pali pochepa. Phanga la Crystal Cave ku Put-in-Bay m'chigawo cha Ohio, limene anthu okumba chitsime analitulukira mu 1897, makoma ake onse ndi celestine wotero, ndipo munthu amalowamo n'kuimirira. Mchere ndi womwewo. Chasiyanitsa phala ndi phanga ndi liwiro basi.

Wina angati zonsezi ndi nthano za m'mabuku. Makampani okumba mafuta ku North Sea anaphunzira ndi ndalama zawo kuti si nthano. Pofuna kukankha mafuta kuti atuluke, ankapopera madzi a m'nyanja pansi pa nthaka. Madzi a m'nyanja ali ndi sulfate pafupifupi magalamu 2.7 pa lita, pamene madzi akale a m'miyala ya mafutayo ali ndi barium ndi strontium wambiri. Madzi awiri oyera anakumana, ndipo mapaipi anayamba kuphimbika ndi nkhoko yolimba imene asidi wamba salimbana nayo, mosiyana ndi nkhoko ya laimu. Njira zimene anapeza zikutsimikizira mfundo yanga. Ina ndiyo kuchotsa sulfate m'madzi a m'nyanja asanawapope, monga anayambira pa South Brae mu 1988, kuti madzi awiriwo asakumane ali ndi zida. Ina ndiyo yodabwitsa: kuthira mankhwala ochepetsetsa, mamiligalamu ochepa pa lita, amene sachotsa strontium kapena sulfate ngakhale pang'ono koma amakamatira pa timagulu tongobadwa kumene n'kutilepheretsa kukula. Madziwo amakhalabe okhuta mopyola, koma mwala subadwa mpaka atatuluka m'paipi. Mankhwala ochepa chotere sakanagwira ntchito kukanakhala kuti kuchuluka kokha ndiko kumalamula. M'nyanja momwemo mulinso umboni wa mbali inayo. Tizamoyo tosaoneka ndi maso totchedwa Acantharia timamanga mafupa ake ndi strontium sulfate, chikhalirecho madzi a m'nyanja ali ndi strontium mamiligalamu 8 okha pa lita ndipo sanakhute. Timatha kutero chifukwa timaunjika mcherewo m'kachipinda ka m'thupi mwake n'kupanga poyambira. Tikangofa, mafupawo amasungunuka asanafike pansi pa nyanja.

Chitsutso champhamvu ndi chakuti kuno si ku North Sea, ndipo ndiyenera kuchipatsa ulemu wake. Strontium tili naye, ndipo si wochepa. Phiri la Kangankunde, kummwera kwa tawuni ya Balaka, ndi chotsalira cha chiphalaphala cha mtundu wa carbonatite chimene chinakwera kuchokera pansi zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, m'banja limodzi ndi Chisumbu cha Chilwa, Tundulu ndi Songwe ku Phalombe. Frank Dixey, Campbell Smith ndi Bisset analongosola miyala ya banja limeneli mu 1937, ndipo M. S. Garson anaifufuza mwakuya pambuyo pake. Koma strontium wa pa Kangankunde ali m'mwala wa strontianite, umene ndi strontium carbonate, osati sulfate. Maiko monga Spain, Iran, China ndi Mexico amakumba celestine n'kuwononga ndalama kumusandutsa carbonate m'mafakitale, pamene ku Balaka chilengedwe chinamaliza kale ntchitoyo. Imeneyo ndi nkhani ina yofunika tsiku lake. Chofunika pano n'chakuti madzi ambiri a pansi pa nthaka m'dera lathu ali ndi bicarbonate wambiri, ndipo m'madzi otero calcium ndi strontium amathamangira kukhala carbonate sulfate asanapeze mpata. Nkhoko ya m'ketulo ija kwakukulu ndi calcium carbonate, m'bale wa laimu amene amawotchedwa kuchokera ku miyala ya ku Chenkumbi. Nyanja ya Chilwa ikuonetsa zomwezo pa mlingo waukulu. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye chilichonse chimene Domasi, Likangala ndi Phalombe amabweretsa chimatsala momwemo dzuwa likamamwa madzi, pamene Chiuta, imene yalekanitsidwa ndi Chilwa ndi mtunda wa mchenga chabe, imatulutsa madzi ake kudzera ku Amaramba kupita mu Lugenda ndipo ilibe mchere wotero. Chilwa itauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, matemba ndi makumba atasowa, zoyera zimene zinatsala pa matope ong'alukawo zinali za banja la soda ndi mchere wa m'ndiwo. Amene angaloze pamenepo n'kunena kuti uyo celestine, akunama.

Ndikuvomera zonsezo, komabe chitsutsocho chikuyankha funso la dzulo. Chikunena za madzi amene sanasakanizidwe ndi munthu. Theka losowalo, sulfate, ndi limene ife tikulibweretsa tokha ndi manja athu. Malo oyeretsera madzi a m'mipope amathira alum, amene ndi aluminium sulfate, kuti matope adikhe, ndipo sulfate wake amatsala m'madzi ngakhale ali wochepa. Mlimi wa mthirira wa m'dontho akasungunula feteleza wa sulphate of ammonia m'thanki ya madzi a mjigo, wachita ndendende zimene anachita a mafuta aja, kungoti choyamba kutseka timabowo take chidzakhala gypsum. Nthaka nayonso si yofanana paliponse: m'madambo a ku Mponela ku Dowa muli gypsum, ndipo madzi a m'zitsime zina za kumeneko ali ndi sulfate wambiri, kotero palibe angalumbire za mjigo wina uliwonse asanauyeze. Ndiye pali mgodi. Kampani ya ku Australia ya Lindian Resources inalengeza mu 2023 kuti pa Kangankunde pali miyala yoposa matani 260 miliyoni yokhala ndi ma rare earth opitirira pang'ono magawo awiri pa 100 alionse. Chimene akufuna ndi monazite, mwala umene muli ma rare earth amenewo, koma monazite ameneyo wagona limodzi ndi strontianite, ndipo mwala ukaperedwa kukhala ufa, malo okhudzana ndi madzi amachuluka kambirimbiri. Kunena chilungamo, ndondomeko yoyamba ya mgodiwu ndi yolekanitsa miyala pogwiritsa ntchito kulemera kwake ndi maginito, osati asidi, ndipo monazite wa pa Kangankunde amadziwika kuti ali ndi thorium ndi uranium wochepa poyerekeza ndi wa kwina. Koma mawu akuti miyala yathu iziyengedwa konkuno akumveka tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndili nawo kumbali imeneyo. Njira imodzi yodziwika yoyengera monazite ndiyo kumuphika ndi asidi wa sulfuric. Tsiku limene fakitale yotero idzamangidwe kufupi ndi phiri lodzaza strontium, madzi awiri aja adzakhala atayandikizana, ndipo funso la kumene akakumanire, m'thanki yokonzedwera zimenezo kapena m'paipi kapena m'nthaka ya pansi pa mudzi, lidzakhala la mainjiniya athu. Kukumanako si tsoka nthawi zonse. Kukachitikira m'thanki, n'kuikamo dala timibulu ta poyambira, ndi njira yabwino yochotsera strontium m'madzi otayidwa. Choipa n'kuti kuchitike pamalo pamene palibe anasankha.

Chitsutso china n'cha mtima, ndipo chimandikhudza kwambiri. Kolera amene anayambira ku Machinga mu Marichi 2022 anafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama ta pa Chilwa, amamwa madzi omwewo amene amadzithandiziramo. M'midzi ina ya Machinga ndi Balaka ana amakula ndi mano ofiirira chifukwa cha fluoride wopyola mamiligalamu 1.5 pa lita amene bungwe la WHO limalangiza. Pamaso pa zimenezi, kukamba za kubadwa kwa timibulu kungaoneke ngati kuseweretsa nthawi. Sindinganene kuti strontium ndi mdani wofanana ndi kolera. Strontium wa m'miyala si strontium-90 wa mabomba a nyukiliya, ndipo wochepa sapweteka munthu. WHO sinaike n'komwe malire ake m'madzi akumwa, ngakhale Canada mu 2019 inaika mamiligalamu 7 pa lita poganizira mafupa a makanda, popeza thupi limamulandira ngati calcium. Klorini abwere poyamba, chimbudzi chibwere poyamba. Koma amene amalekanitsa nkhani ziwirizi sanaganizire zimene zimachitika mjigo ukafooka. Sefa ya pansi ikaphimbika, madzi amatuluka pang'onopang'ono, mzere wa ndowa umatalika, ndipo mtsikana amene watumidwa madzi asanapite kusukulu amakhotera ku chitsime cha kudambo. Mpope wa pa thanki ya dzuwa ukatsekeka ndipo komiti ilibe ndalama, anthu amabwerera kumtsinje. Mwala wa m'paipi supha munthu, koma umabweza anthu ku madzi amene amapha. Komanso ndalama zake si zoopsa monga anthu amaganizira. Botolo la madzi likafika kale ku labotale ya boma ku Lilongwe, kapena ku University of Malawi ku Zomba, kapena ku MUST ku Thyolo, calcium, sulfate ndi bicarbonate ndi zinthu zimene zimayezedwa kale. Chotsala n'kuchulukitsa manambalawo n'kuona kuti madziwo ali kutali bwanji ndi malire, kuwonjezera strontium pamene miyala ya dera ikupereka chifukwa.

Vuto lenileni la kayezedwe kathu lili pa nthawi ndi malo. Mjigo umayezedwa kamodzi, pokumba, pepala n'kulowa m'faelo, ndipo madziwo amatchedwa abwino mpaka kalekale. Koma madzi a mu Febuluwale, nthaka itakhuta mvula, si madzi a mu Okutobala pamene chitsime chatsika ndipo thanki yakuda yakhala pa dzuwa la ku Balaka tsiku lonse. Botolo loyera la pulasitiki lilibe poyambira, ndiye madzi okhuta mopyola akhoza kufika ku labotale ali mbee, pamene madzi omwewo m'paipi ya dzimbiri akumanga khoma. Ndipo pepala la mjigo woyamba ndi pepala la mjigo wachiwiri sizinena chilichonse za thanki imene idzalandire onse awiri. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 linabala bungwe loteteza chilengedwe la MEPA. Mabungwe amenewa ali ndi mphamvu yofunsa aliyense wopempha chilolezo, kaya ndi wa sikimu ya mthirira kaya ndi wa mgodi, kuti asonyeze zimene madzi ake adzachite akasakanizidwa, akatenthedwa ndi akauma, osati mmene alili tsiku lotungidwa lokha. Kuzungulira Kangankunde, manambala a mijigo ya m'midzi ayenera kulembedwa tsopano, m'dzinja ndi m'chilimwe, mgodi usanakhwime. Popanda manambala a poyamba, zaka khumi zikubwerazi mudzi udzati madzi asintha, kampani idzati anali choncho kale, ndipo palibe adzakhale ndi umboni, ngakhale amene akunena zoona.

Mboni imene tili nayo kale ndi nkhoko yeniyeniyo, ndipo timaitaya. Makaniki wa mijigo akatulutsa mapaipi ndi ndodo za mjigo wa mtundu wa Afridev, amapala zomatirira n'kuzisiya pa udzu, chikhalirecho zimenezo ndi mbiri ya madziwo ya zaka zingapo, yolembedwa m'mizere ngati ya mtengo wodulidwa. Kusiyanitsa koyamba sikufuna labotale. Zofiirira zofumbutuka ndi dzimbiri, kaya la paipi kaya la chitsulo chosungunuka m'madzi. Zoyera muzidonthezere viniga kapena madzi a mandimu: zikachita thovu n'kumalira kuti tsss, ndi carbonate, ndipo asidi wofatsa angathe kutsuka paipiyo. Zikangokhala duu osachita kanthu, mwina ndi mchenga, mwina ndi sulfate, ndipo kuthira asidi n'kutaya ndalama za komiti. Zoterozo n'zoyenera kukulungidwa m'kapepala, kulembapo dzina la mudzi ndi deti, n'kuperekedwa ku ofesi ya madzi ya boma kuti zikafike ku Geological Survey ku Zomba. Kumeneko kaufa kake kakanyowetsedwa ndi asidi wa hydrochloric n'kuikidwa pa lawi, calcium amapereka mtundu wa njerwa yowotcha, barium wobiriwira motuwa, ndipo strontium amafiira psuu.